Mailo, pa Mphambano ya ku Luembe

Thumba lija linali la chiguduli, lodulidwa ku saka yakale ya thonje. Malume ndiwo analisoka ndi sipoko ya njinga yonola, ndipo m'malo mwa malamba anamangako luzi la mombo, kuti ndizilibeleka kumsana monga mmene akazi amabelekela ana. Linkanunkha utsi ndi mikodzo ya makoswe. Pondiyesa nalo, anakoka luzilo mpaka mapewa anga anabwelela kumbuyo, kenaka anandimenya pamsana. "Bulu wathu wakonzeka," anatelo. "Ukafuna kulila, uzilila ukuyenda." Ndinaseka. Ndinali pa msinkhu woweta mbuzi, ndipo mapazi anga anali asanafikepo kutali kuposa kumene mbuzi zinkandifikitsa.

M'thumbamo amai anaikamo ufa pang'ono, nsawa zokazinga, kapoto, bulangeti lathu limodzi, ndi kabotolo ka mankhwala kokulunga m'nsanza. Za kabotoloko ananena kamodzi kokha: "Ukamagwa, uzigwela kutsogolo."

Ku Kalindawalo tinali alendo. Tinachokela cha ku Katete chaka cham'mbuyo mwake, kutsata malume, amene anapezako malo olima thonje. Eni dziko ndi Ansenga. Chilankhulo chawo ndinkachimva theka, ndipo thekalo ndinaliphunzila kwa anyamata a kubusa amene ankandimenya. Atate sanakhazikike pa malo atsopanowo. Munda unali wa malume, nkhokwe ya malume, mau omaliza pa nkhani iliyonse a malume; atate anali mkamwini chabe. Titakolola ananyamuka kupita ku Luembe, kuseli kwa Nyimba, kumene amuna ankacheka matabwa a mlombwa m'thengo ndi sowo yaitali ya anthu awili. Anati adzabwela mvula isanagwe.

Atapita, mlongo wanga wamng'ono anayamba kutupa. Anali atangoleka kuyamwa, chifukwa mabele a amai anauma. Anayamba mapazi, kenaka masaya. Tsitsi lake linafiila n'kufewa ngati ndevu za chimanga. Ukasindikiza chala pa mwendo wake, pankatsala kadzenje kosafuna kubwelela. Akazi a m'mudzi anabwela kudzamuona, anayang'anizana, ndipo mmodzi ananena motsitsa mau kuti, "Mdulo uwu." Mai wina wodziwa mitengo ndiye anapanga mankhwala a m'kabotolo kaja. Anati sangagwile ntchito pokhapokha ataikidwa m'kamwa mwa mwana ndi dzanja la amene anamudula, ndiye kuti bambo wake. Ine sindinamvetse kuti munthu ali kutali chotelo angadule bwanji mwana, wopanda mpeni. Ndinafunsa malume. Anati, "Udzamva ukamela ndevu."

Masiku ano anamwino ali ndi dzina lina la matendawa. Amati ndi njala yobisala m'thupi la mwana wosiya bele msanga. Ndinaona chithunzi chake pakhoma la chipatala ndili kale ndi imvi, kamwana ka masaya omwe aja, ndipo ndinawelenga mau onse a pansi pake mpaka kumapeto. Sindinganene kuti anandithandiza.

Kenaka munthu wina wodutsa anabweletsa mbili yakuti ocheka matabwa satha sabata zambili ku Luembe. Lole idzabwela kudzatenga matabwa ndi eni ake mvula isanatseke njila, kupita nawo kutsidya kwa Luangwa, mbali ya ku Lusaka. Amai anapempha malume kuti apite akawaitane atate. Malume anakana. "Ine kuthamangila mkamwini m'thengo, munda uli chikhalile? Wodula mwana ndiye adziwa njila ya kwawo." Ndiye amai anabeleka mwana, ine ndinabeleka thumba.

Dzuwa la kumapeto kwa chilimwe silituluka pang'onopang'ono. Limangofika litakwiya kale. Tinkanyamuka kusanache bwino, n'kuyenda mpaka mthunzi wa munthu utalowa pansi pa mapazi ake. Pamenepo tinkafuna mtengo. Koma tchile lonse linali litapsa, lupsa lakuda mbali zonse, ndipo mitengo yambili inalibe masamba. Mthunzi wake unali wobowoka ngati lichelo lakale. Tinkagona pansi pake osalankhula, nyenje zikulila mpaka mutu kumveka ngati uli ndi waya m'kati. Dzuwa likapendeka tinkadzukanso.

Nthawi zina tinkatsata mseu waukulu, umene unali usanathilidwe phula. Magalimoto ankatipitilila n'kutisiyila fumbi la m'mano. Amai sanakweze dzanja ngakhale kamodzi. Kukwela zinali za anthu ena. Nthawi zambili tinkalowa tinjila ta m'midzi, todula mapili. Mchenga unkawotcha moti ndinaphunzila kuyenda modumphila pa tiudzu totsala ndi pa ndowe zouma za ng'ombe. Zidendene zinang'aluka, ndipo m'ming'alumo munkalowa timiyala. Luzi lija linadya khungu la pamapewa. Masana thukuta linkalowa m'mabalamo. Pogona magazi ankauma. M'mawa, pobelekanso, mabalawo ankatsegukanso pomwe paja. Amai ankaikapo masamba ofewa akawapeza. Ndinalila, monga mmene malume ananenela, ndikuyenda.

Mitsinje yonse inali mchenga wokhawokha. Amai ankagwada pakati pake n'kufukula ndi kapoto mpaka mkono wonse utalowa, kenaka tinkakhala n'kudikila kuti madzi asonkhane pansi pa dzenjelo. Ankabwela ofiila, akununkha mizu. Oyamba anali a mwana. Amai ankaviika nsonga ya chitenje n'kumufinyila m'kamwa dontho limodzilimodzi.

Iwo ankayenda patsogolo, choncho chimene ndinaona kwambili pa ulendo wonsewo si mapili kapena midzi, koma mapazi awili a mlongo wanga akulendewela m'munsi mwa chitenje, onyezimila ngati apakidwa mafuta. Sankalila. Ankangotulutsa kamau kochepa ngati ka mwana wa mphaka, ndipo tintchentche tating'ono tinkasonkhana m'mbali mwa maso ake kufuna chinyontho. Ntchito yanga popuma inali kutiingitsa ndi tsamba.

Madzulo aliwonse mitambo inkaunjikana kumadzulo, kumene tinkapitako. Inkayamba yoyela, yaitali ngati zulu, kenaka inkada kunsi, n'kuyamba kuguguda patali. Mphepo yotentha inkadzutsa phulusa la lupsa. Kenaka zonse zinkabalalika wopanda dontho. Ine ndinkapemphela mumtima kuti igwe, ndizizidweko. Amai ankaiyang'ana mitamboyo n'kuwonjezela liwilo. Kwa iwo mvula inali lole. Tinkayenda njila imodzi, wina akupempha mvula, wina akuikana, ndipo ine sindinkadziwa kuti mapemphelo athu akulimbana.

Tsiku lina tinafika pa chitsime cha mudzi wina, kufupi ndi Nyimba. Akazi otunga madzi anatimwetsa, nayang'ana mwanayo, osanena dzina la matenda. Amai anafunsa za ocheka matabwa. Mmodzi wa iwo, wa mpata m'mano, anaseka. "Amacheka aja? Safa ndi njala aja, amai. Ali nawo owaphikila." Ena anaseka naye, koma wamkulu pakati pawo anamugunda ndi chigongono. Titachoka ndinati, "Ndiye kuti atate akudya bwino." Amai sanatembenuke. "Yenda," anatelo.

Masiku ano ndikakhala pa mseu ku Petauke ndimaona nthawi zina achinyamata ochokela kutali, atabeleka zikwama zazikulu zamitundumitundu, zokhala ndi malamba ofewa ndi mabotolo m'mbali. Amati amayenda mwa kufuna kwawo, kuti aone dziko. Sindiwada. Ndimangoyang'ana mapewa awo.

Titapitilila Nyimba tinafika pa mphambano pamene njila ya ku Luembe imapatuka kusiya mseu waukulu, n'kutsetseleka kulowa ku chigwa. Kunali kutentha kwa mtundu wina tsiku limenelo, kolemela, kopanda mphepo. Mbalame zinali zii. Kumadzulo thambo linali litada ngati pansi pa mphika. Pamphambanopo panali kasitolo ka malata, ndipo pakhonde pake panali amuna angapo akumwa mowa, ndi bambo wina wokonza njinga. Amai anakhala pansi pa mtengo wa bwemba, chapatali pang'ono. Mkazi wachilendo, wobeleka mwana wotupa, sakanaima pakati pa amuna akumwa n'kufunsa za mwamuna wake. Aliyense akanadziwa chimene akumufunila. Ndiye anatuma ine.

"Pita kwa bambo a njinga awo. Ukhale pansi pofunsa. Uti, lole ya ocheka matabwa yapita kale kapena ikalibe?"

Ndinapita ndi thumba kumsana. Mmodzi wa akumwawo anandiona nati, "Iwe kamnyamata, wabeleka ndani m'sakamo, ambuye ako?" Anzake anaseka. Wina anati, "Musiyeni, ndi Mchewa, angakulodzeni ndi nyau." Ndinanjuta pafupi ndi bambo a njinga aja. Anali ataviika chubu m'beseni la madzi, akuchizunguliza pang'onopang'ono kufuna pamene pakutuluka thovu. Ndinafunsa monga mmene anandiuzila amai. Pamenepo mphepo inafika mwadzidzidzi, yozizila, ndipo malata anayamba kulila.

Bambowo sanadzutse mutu. "Lole ya amacheka?" anatelo. "Mailo..."

Mphezi inang'anima, ndipo bingu linagunda pamwamba penipeni pa sitoloyo. Ndinalimva m'mano. Pakamwa pa bambowo pankayendabe. Ndinaona milomo ikumaliza mau, ndinaona chibwano chikuloza ku njila ya ku chigwa. Koma zonse zimene ananena pambuyo pa liu limodzi lija bingu linameza. Kenaka anadzuka msanga kukokela njinga zake m'kati, akumwa aja akutola makapu awo.

Kwathu tinkati dzulo, tinkati mawa. Liu lakuti mailo ndinalidziwila kubusa. Anyamata aja ankandizungulila n'kumati, "Mailo tinakumenya, lelo tikumenyanso." Choncho kwa ine mailo linali tsiku lapita, tsiku la mabala amene ulinawo kale. Ndinaima pang'ono pakhondepo. Ndikanatha kulowa m'sitolo n'kufunsanso. Chitseko chinali chotsegula. M'malo mwake ndinathamangila ku mtengo wa bwemba.

"Inapita dzulo," ndinatelo.

Amai anandiyang'ana, kenaka anayang'ana njila yotsetseleka ija, kenaka thambo. Sanafunse china. Mitambo yokha inkachitila umboni mau anga: mwini lole aliyense wanzelu akanathawa dzulo. Anangoti, "Tachedwa," monga munthu wonena kuti mchele watha.

Madontho oyamba anagwa akuluakulu, otalikilana, akudzutsa fumbi pogwa. Fungo la dothi linakwela. Kenaka thambo linang'ambika. Tinathamangila kuseli kwa sitolo ija, pansi pa malata otulukila kunja pang'ono, n'kutsamila khoma. Mvula inkabwela chopingasa. Amai anatembenuza mwana kumuika kutsogolo, n'kupatsa mvula msana wawo. Madzi ofiila ankathamanga pansi atanyamula phulusa, timitengo ndi zitosi za nkhuku, akutizungulila m'mapazi. Mphezi iliyonse inkaonetsa tchile lonse loyela mbee, ndipo kutsidya kwa mseu mtengo wina unang'ambika pakati n'kufuka utsi mvula ili m'kati. Ndinali nditaipempha mvula imeneyi masiku onse aja. Itabwela ndinkanjenjemela mpaka mano kuwombana.

Kupyola khomalo tinkamva amuna aja akuseka, wina akuimba. Bambo a njinga anali mmenemo. Pakati pa iwo ndi amai panali njelwa imodzi m'lifupi, mvula yonse ija.

Itakata, amai anandiuza kuti nditsitse thumba. Anatulutsa kabotolo kaja, namasula nsanza zake mosamala, nandipatsa. "Atate ako palibe. Dzanja lako ndi magazi awo omwewo. Mumwetse." Anatsegula pakamwa pa mwanayo ndi chala. Mankhwalawo anali akuda, akununkha makungwa owola. Ndinathila, ndipo ambili anatulukila m'mbali mwa milomo, n'kutsikila m'khosi mpaka m'chitenje. Amai anapukuta ndi chikhatho. Anataya kabotoloko m'madzi oyenda aja, ndipo tinatembenukila kum'mawa.

Ndinene pano zimene zinadza pambuyo, chifukwa sindingathe kuyenda njila yobwelela ija m'maganizo ngati kuti sindizidziwa.

Mlongo wanga sanaone chimanga cha chaka chimenecho chikufika m'mawondo. Atate sanabwelenso. Tinkangomva kuti wina anawaona m'makomboni a ku Lusaka, wina ku migodi, mpaka mbili zinatha. Ine ndinalowa sukulu mochedwa, ndevu zitayamba kale kumela, malume atapeza wina woweta mbuzi. Ndinkakhala kumbuyo, mawondo osakwana pansi pa desiki, pakati pa tiana tondifika m'chiuno. Tsiku lina aphunzitsi ankatiphunzitsa mau achizungu a masiku. Anati Azungu ali ngati Achewa, ali ndi liu la tsiku lapita ndi lina la tsiku likubwela, "koma inu a kuno ndinu aulesi, muli ndi limodzi lokha." Analemba pa bolodi kuti mailo, najambula muvi umodzi woloza kumanzele, wina woloza kumanja. Tiana tija tinaseka. Anati, "Liu limeneli lili ngati munthu woima pa mphambano. Kuti udziwe kumene akupita, umve mau otsatila."

Sikuti ndinali ndisanadziwe. Pofika nthawiyo ndinkalankhula Chinsenga ngati mbadwa, ndipo ndinali nditanenapo ndekha kambilimbili kuti tionana mailo. Koma ndinali ndisanaikepo liulo pafupi ndi khonde lija. Mivi iwili ya choko ndiyo inaziika pamodzi. Ndinapempha kutuluka panja, ndipo tsiku limenelo sindinabwelelenso m'kalasi.

Kuyambila pamenepo ndinkafunsa munthu aliyense wachikulile amene anagwilapo sowo. Mmodzi ndinamupeza pa malilo ku Msanzala, nditakwatila kale. Ankawakumbuka atate: "Mchewa wamtali uja, wosalankhula, ankakoka sowo ali pansi m'dzenje." Ndinamufunsa za lole. Sanavutike kukumbuka, chifukwa anazunzika nayo. Anati mvula yoyamba ija inawapeza akali pa msasa, matabwa ali panja, ndipo lole inabwela m'mawa mwake, n'kutitimila m'matope kangapo isanafike pa mseu. Ndinamufunsa kutalika kwa msasawo kuchokela pa mphambano. Anati munthu wonyamuka mvula itakata akanafika kusanade.

Ndabwelela pa khonde limenelo m'maganizo nthawi zosawelengeka. Mwana wa Achewa, bingu, liu la eni ake: aliyense amene ndingamuuze anganene kuti palibe mlandu. N'chifukwa chake sindiuza anthu. Iwo sanaone njila yotsetseleka ija monga mmene ndinaionela ine, ndili chinjutile, zidendene zikutuluka magazi, luzi lili m'mabala. Inkapita pansi, kotentha koposa, ndipo mathelo ake sankaoneka. Dzulo linkatanthauza kubwelela kwathu. Mawa linkatanthauza kutsika. Kodi kubusa kuja palibe tsiku limene wina anati, mailo tidzakumenyanso? Ayenela kuti ananenapo. Sindidziwa ngati khutu ndilo linasankha, kapena mapazi. Ndakalamba ndisakudziwa, ndipo amene akanandithandiza kudziwa onse anapita.

Anamwino anganene kuti madzi a makungwa sakanachotsa kutupa kuja, kaya aikidwe ndi dzanja la ndani. N'zoona. Koma munthu akaona mwana wake ali chotelo, nthawi zina amatsika pa lole. Nthawi zina satsika. Atate sanapatsidwe mpata wosankha.

Njila yobwelela inali dziko lina. Mvula inkagwa pafupifupi masana aliwonse. M'mawa dzuwa linkatulutsa nthunzi m'dothi moti tinkayenda ngati m'nyumba yophikila. Chakumasana mitambo inkamangana, ndipo tinkayamba kuyang'ana kothawila. Lupsa linamela msipu wobiliwila m'masiku ochepa. Inswa zinkatuluka m'zulu, ana akuzithamangila ndi mabeseni. M'minda monse munali anthu akubzala, akazi akuitanizana, amuna akukuwila ng'ombe. Dziko lonse linali pa chikondwelelo, ife tikudutsa pakati pake. Mitsinje imene tinafukula mchenga wake inali itadzaza madzi ofiila, othamanga, atanyamula zitsa. Pa wina tinakhala pa gombe theka la tsiku kudikila kuti utsike, kenaka amai anaoloka ndi mwana pamutu, nabwelela kudzatenga ine. Matope ankamatilila ku mapazi mpaka kulemela ngati nsapato za asilikali. Thumba linanyowa, ufa wotsala unawawasa, ndipo bulangeti silinaumenso.

Amai sankafulumilanso. Ankayenda ngati munthu wochokela kumunda. Kamau ka mlongo wanga kankamveka mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zina amai ankaima, n'kupititsa dzanja kumbuyo kukhudza phazi lake, n'kuyambanso kuyenda. Koma ine, ndinene zoona, mtima unali utapepuka. Mchenga sunkawotchanso. Phili lililonse limene tinkalipitilila ndinkalizindikila, ndipo ndinkadziwa kuti kwathu kukuyandikila.

Masana ena, tili kale m'dela la Petauke, mvula inatipeza pafupi ndi kamudzi ka nyumba zochepa. Mai wina wa Chinsenga, amene ankasenda nsawa zambeu pakhomo la khitchini yake, anatikodola kuti tilowe. Munali utsi ndi nkhuku zothawa mvula. Anatipatsa mpasa pafupi ndi moto, natiwotchela chinangwa. Anayang'ana mwanayo nthawi yaitali, kenaka anayang'ana amai, ndipo sanafunse za matenda. Anafunsa kumene tichokela ndi kumene tipita. Amai anamuyankha m'Chinsenga, chimene anachiphunzila kuchitsime ndi kumtondo, ndipo ankachidziwa kuposa mmene ine ndinkaganizila.

"Ku Kalindawalo mukafika liti?" anafunsa maiyo.

"Mailo," anatelo amai, "Mulungu akalola."

Ndinali ndi chinangwa m'kamwa. Ndinameza msanga n'kuwakoka chitenje. "Amai, mwalakwitsa. Nenani kuti mawa. Mailo ndi dzulo."

Mai wa Chinsenga uja anaseka mpaka kugwetsa nsawa. "Tamumveni mphunzitsi wathu," anatelo. "Wabwela kudzatiphunzitsa chilankhulo chathu."

Amai sanaseke. Anasiya kutafuna. Mvula inkagunda udzu wa padenga, ndipo dontho limodzi linkagwela pa phulusa n'kulila. Anandifunsa m'Chichewa, mwa mau otsika kwambili, osandiyang'ana.

"Bambo a njinga aja anati chiyani?"

"Anati inapita dzulo."

"Mau awo enieni. Anati chiyani?"

"Anati mailo."

"Kenaka?"

"Kenaka bingu linagunda. Sindinamve."

Amai anatembenuza nkhope kuyang'ana pakhomo, kumene mvula inkachokela, kumadzulo, ngakhale kunalibe choona koma madzi otsika ku udzu ndi nkhokwe ya eni ake. Dzanja lawo linali pa msana wa mwana, ndipo ndinaona zala zikufumbata pang'onopang'ono chitenje, n'kutsegukanso. Mai uja analeka kuseka. Anayang'ana amai, anayang'ana ine, kenaka anawelama n'kuyamba kutola nsawa zake imodziimodzi.

Amai sanandiuze kanthu za liulo tsiku limenelo, kapena tsiku lina lililonse mpaka imfa yawo. Malume sanamve. Pa malilo a mlongo wanga anthu atafunsa, amai anati, "Tinapeza atapita." Ananena choncho zaka zonse, ine ndili pomwepo.

Koma masana amenewo, m'khitchini ya eni ake, anangopempha mai uja madzi ofunda pang'ono. Anandikhazika patsogolo pawo, nandivula malaya, nayamba kutsuka mabala a pamapewa anga, limodzi ndi limodzi, mofatsa kuposa masiku onse a ulendowo. Madzi ena amene ankandigwela pamsana sanali ofunda ngati a m'beseni, ndipo ndinaganiza kuti denga likudontha. "Wayenda, mwana wanga," anatelo. "Wayenda kwambili."

Ndinawelamitsa mutu kuti asaone kuti ndikumwetulila. Ndinkaganiza kuti akundiyamikila chifukwa ndadziwa liu la Chinsenga kuposa iwo.